Kuonetsa mafilimu atsopano a mayiko ena kuno ku Chipata: poyambira, ndi pomwe zimakonda kufera

Akulu amene mwafunsa kuti gulu lanu likufuna kukonza chikondwerero cha mafilimu cha masiku atatu muno mu Chipata, ndiye mukufuna kudziwa komwe mungapeze mafilimu atsopano akunja komanso zida zofunika, khalani pansi, yankho lake ndi lalitali.

Choyamba, iwalani zotsitsa filimu pa intaneti n'kuionetsa pagulu. Ngakhale akaunti ya Netflix kapena DVD yogula ndi ndalama zanu, chilolezo chake ndi choonerera pakhomo basi. Kuonetsa pagulu, kaya polowera ndi paulere, kumafuna chilolezo cha mwini filimu. Ndipo mwiniyo kawirikawiri si wotsogolera filimu uja, koma kampani yomwe anaipatsa ntchito yogulitsa filimuyo kumayiko ena. Dzina la kampaniyo mumalipeza pa tsamba la filimu pa webusaiti ya chikondwerero chachikulu komwe inayamba kuonetsedwa. Chikondwerero cha ku Berlin chimachitika mu Febuluwale, cha ku Cannes mu Meyi, cha ku Durban mu Julayi, cha ku Toronto mu Seputembala, pamene FESPACO ya ku Ouagadougou, yomwe inayamba mu 1969, imabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Mindandanda yawo ya zaka zapitazi ndiye msika wanu.

Musathamangire filimu yomwe yangotuluka kumene. Eni ake amakhala akuisungira zikondwerero zikuluzikulu ndi nyumba zoonetsera mafilimu, ndiye imelo yochokera ku Chipata sangaiyankhe msanga. Ya chaka chimodzi mpaka zitatu zapitazo ndiyo imapezeka. Lembani pakadali miyezi inayi, mutchule tsiku, malo, kuchuluka kwa mipando, ngati mukulipiritsa polowera, ndi kuti muionetsa kangati. Filimu yaitali amatha kutchula madola mazana angapo pa kuonetsa kamodzi, koma mtengo amanenerera ngati pamsika wa Kapata. Mukanena zoona kuti mipando ndi 80 ndipo palibe phindu, ena amatsitsa. Chilichonse chomwe mwagwirizana chikhale cholembedwa. Njira ina yotsikirapo ndi kudzera ku Alliance Française ku Lusaka ndi maofesi a akazembe, poti ena amakhala ndi mafilimu a kwawo omwe chilolezo choonetsa mosachita malonda chinalipiridwa kale. Mafilimu aafupi, a mphindi 10 kapena 20, ndiwo osavuta: amayankha ndi owapanga eni ake, ndipo ambiri amangokondwa kuti ntchito yawo yafika kuno.

Pa masiku atatu, mafilimu aatali atatu ndi aafupi asanu ndi limodzi akwanira. Filimu iliyonse muionere nokha yonse musanaiike pa chikalata cholengezera. Mwachitsanzo, On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni, yomwe inamupezetsa mphotho ya wotsogolera mu gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024, ndi ya kwathu konkuno, anthu akuyankhula Chibemba ndi Chingelezi, koma nkhani yake ndi ya nkhanza zobisika m'banja zomwe zikuululika pa maliro. Si yoika masana ana a sukulu atadzaza holo. Mafilimu ambiri a ku Ulaya amakhalanso ndi malo oti munthu sangaonere limodzi ndi apongozi. Lembani zaka zoyenera pa chikalata, ndipo pakhomo pakhale munthu wamkulu woonetsetsa.

Tsopano pomwe zikondwerero zambiri zazing'ono zimafera: mawu olembedwa pansi pa chithunzi aja. Filimu ya ku Korea, Iran kapena Senegal imabwera ndi mawu apansi a Chingelezi othamanga, ndipo anthu athu anazolowera mafilimu omasuliridwa ndi pakamwa m'timanyumba ta vidiyo. Koma kuthira mawu anu pamwamba pa filimu ya mwini popanda chilolezo chake n'kuphwanya pangano. Chomwe ambiri amavomera ndi mawu apansi a Chichewa. Pemphani fayilo ya mawu apansi a Chingelezi, yotchedwa SRT, muitsegule mu Subtitle Edit, pulogalamu yaulere, muzimasulira mzere ndi mzere osakhudza nthawi zake. Mizere isapitirire iwiri, mzere uliwonse zilembo zisapitirire 42, ndipo mawu akhale pa chinsalu pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi 6 kapena 7. Vuto ndi lakuti mawu a Chichewa ndi aatali, "sindidzakuiwalaninso" yekha wadya theka la mzere, ndiye womasulira aziphunzira kudula, atenge mutu wa zomwe zanenedwa. Posunga fayilo sankhani UTF-8, apo ayi zilembo ngati ŵ zimasanduka timabokosi. Filimu yaitali imatha kukhala ndi mizere yopitirira 1,000, ntchito ya milungu iwiri kwa munthu amene ali ndi zina zochita. N'chifukwa chake ndi bwino chaka choyamba mumasulire aafupi okha ndi yaitali imodzi yotsegulira.

Mawu apansi akamatsalira kapena kutsogola mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mu VLC, pulogalamu yoonetsera filimu pa laputopu, mabatani a G ndi H amawasuntha pang'onopang'ono. Koma akayamba bwino n'kumataya mtunda filimu ikamapita, ndiye kuti fayilo ya mawu inapangidwira filimu ya zithunzi 25 pa sekondi pamene yanu ndi ya 24. Pa filimu ya mphindi 90 kusiyana kwake kumafika pafupifupi mphindi 4. Izi mabatani sangathetse, mukonzeretu mu Subtitle Edit.

Za fayilo ya filimuyo. Eni ake amayamba kufunsa ngati mumalandira DCP. Yankhani kuti ayi. Imeneyo ndi ya makina a m'nyumba zoonetsera mafilimu, imatha kupitirira 100 GB, ndipo nthawi zambiri imakhala yokiya ndi kiyi yotseguka pa makina amodzi, pa masiku oikika. Pemphani MP4 ya H.264, 1080p, yomwe imakhala pakati pa 5 ndi 10 GB. Fulashi ikakana fayilo pomwe malo alipo, ndiye kuti ndi ya FAT32, yomwe silandira fayilo yoposa 4 GB. Isintheni ikhale exFAT. Filimu muikopere mu laputopu momwemo, ina pa fulashi, ina pa laputopu yachiwiri. Kudalira netiweki usiku wa chionetsero n'kudziputira manyazi.

Potumiza imelo yomweyo nenaninso kuti mukufuna mawu omveka a stereo, a njira ziwiri zokha, yakumanzere ndi yakumanja. Mafilimu atsopano amabwera ndi mawu a 5.1, ogawidwa m'njira zisanu ndi imodzi, ndipo zoyankhula za anthu zimakhala pa njira yapakati. Makina akangotenga njira yakumanzere ndi yakumanja, mumamva nyimbo, mphepo, galimoto ikudutsa, koma milomo ya anthu ikungogwedera. Masipika awiri akhale kutsogolo, mbali ndi mbali mwa chinsalu, okwezedwa kupitirira mitu ya anthu okhala pansi, osati kumbuyo ngati pa ukwati. Mukamva kulira kwa "mmmm" kosalekeza, zulani chaja ya laputopu. Kukasiya, vuto ndi magetsi a chajayo, ndipo kabokosi kotchedwa DI box pakati pa laputopu ndi mikisa kamathetsa. Holo ya malata ndi simenti imabweza mawu, makatani kapena zitenje m'makoma zimathandiza, nawonso anthu akadzaza mawu amamveka bwino.

Projekita ikhale ya 3,000 mpaka 4,000 ANSI lumens (muyeso wa kuwala kwake) pa chinsalu cha mamita 3 kapena 4 m'lifupi. Timaprojekita totchipa tolembedwa manambala aakulu popanda mawu oti ANSI musatikhulupirire. Maprojekita ambiri amafuna mtunda wa mita imodzi ndi theka pa mita iliyonse ya chinsalu, ndiye cha mamita 3 projekita ikhale pa mamita 4.5. Chingwe cha HDMI chikapitirira mamita 10 chithunzi chimayamba kudukaduka, choncho laputopu ikhale pafupi ndi projekita, chingwe chachitali chikhale cha mawu. Chinsalu chikwezeke ndithu, poti mawu apansi ndiwo amayamba kubisika ndi mitu. Mizere yakuda pamwamba ndi pansi pa chithunzi si vuto, ndi momwe filimu inajambulidwira, musaikoke kuti idzaze chinsalu.

Vuto la kuthimathima kwa malaiti mukulidziwa kale. Projekita, laputopu, mikisa ndi masipika awiri sizifika 1,500 W, choncho jenereta ya 2.5 kVA ikwanira, makamaka ya inverter yomwe magetsi ake sakwera ndi kutsika. Ikhale panja, mamita 20 kapena 30 kutali, chifukwa cha phokoso ndi utsi wake womwe umapha m'nyumba yotseka. Projekita ilumikizidwe kudzera mu UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi: magetsi akathima mwadzidzidzi fani imaima babu likadali lotentha, ndipo limafa msanga. Ndi bwino kuyambira pa jenereta kusiyana ndi kusintha filimu ili pakati.

Nyengo yabwino ndi Seputembala. Mvula kulibe, chisanu cha Juni ndi Julayi chapita, kutentha kwa Okutobala komwe kumazimitsa projekita mu holo ya malata sikunafike, ndipo anthu abwerako ku Kulamba ku Mkaika, komwe amapita kumapeto kwa Ogasiti. Ngati ndi panja, mdima wokwanira umagwa cha m'ma 18:30, ndipo chinsalu chimangidwe ngodya zonse zinayi chifukwa cha mphepo. Apolisi adziwitsidwe ndi kalata nthawi ikadalipo, mufunsenso ku khonsolo ndi ku National Arts Council zomwe akufuna pa chionetsero cha pagulu. Filimu yaitali isayambe mochedwa kuposa 19:00, kuti a ku Mchini ndi ku Magazine apeze njinga zobwerera, komanso patsale mphindi 20 zoti anthu akambirane zomwe aona.

Tsiku loti mawa mukuyamba, onetsani filimu iliyonse mu holo momwemo, ndi zida zomwezo, mmodzi akhale pa mpando wakumbuyo kwenikweni aziwerenga mawu apansi mokweza. Akalephera, kulitsani zilembo mu VLC kapena chotsani mizere iwiri ya mipando yakumbuyo.