Abambo anapuma pa ntchito, m'nyumba muli zii

Azakhali,

Ndili ndi zaka 57, ndimakhala kufupi ndi Chia ku Nkhotakota. Abambo akunyumba anali mphunzitsi ku Kasungu, ankabwera pakutha pa mwezi basi. Atakwanitsa zaka 60 anapuma, ine n'kumati tsopano ndidyerere. Koma kukacha ali ndi wailesi, masana ali pa bawo, madzulo adya kondowole osayankhula n'kukagona. Ine ndimagona ndi adzukulu pabalaza, poti amayi anzanga anati ukasiya kusamba, kukhala malo amodzi ndi mwamuna kumatupitsa mimba. Kodi banja latha?

Nabanda, Nkhotakota

Mayi Nabanda,

Zotupa mimbazo ndi bodza, ndipo lagonetsa amayi ambiri pabalaza popanda chifukwa. Palibe chimene chimaunjikana m'mimba. Chimene chimachitika msambo ukasiya n'chakuti thupi limauma kumunsi kuja, mwina n'kumapweteka, ndipo anamwino ali nalo thandizo lake.

Tsono taganizirani mmene abambowo akuonera. Munthu wabwera kudzakhala kwawo, mkazi wake wanyamula mphasa n'kupita kwa adzukulu, osanena chifukwa. Kodi iwo aziti chiyani? Mwina akuti mwawanyansidwa poti malipiro anatha, yatsala penshoni. Zaka zonsezi ana ankaimirira akalowa m'kalasi, lero palibe wowafunsa ngakhale mtengo wa mchere. Mwinanso mphamvu zachepa, poti shuga ndi BP zimafooketsa amuna a msinkhu umenewu, ngakhalenso mankhwala ena a BP. Mwamuna angalolere kuluza bawo tsiku lonse kusiyana n'kuulula zimenezi.

Musathamangire kwa ankhoswe, palibe amene walakwa. Musayambenso ndi "bambo, tikambirane," athawa. Apempheni akuperekezeni kukagula chambo pa Chia, kapena mukayendere mpunga kudambo awiriwiri, opanda mdzukulu kumbuyo. Nkhani zovuta zimatuluka bwino poyenda, pamene simukuyang'anizana. Muyambe ndinu: "Bambo a ana, ndinachoka kuchipinda chifukwa cha mantha, osati kukukanani." Mukatero khalani chete, ayankhe okha, ngakhale patapita masiku.

Adzukulu azigona okha, sangafe. Mikanda ija ngati ilipo m'sutikesi, ichapeni. Ndipo tsiku loyamba musayembekezere za pa unyamata. Kuwathira madzi kumsana posamba n'kokwanira. Kuchipatala mupite nonse, mukayezetse shuga ndi BP. Za gondolosi za anyamata a pamsika zija asayerekeze asanaonane ndi dokotala.

Azakhali