Mtsogoleri aulukirenji nawo?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mkulu wa asilikali satsala mu ofesi ndege zikamapita kukamenya nkhondo mwachinsinsi. Ine ndimati anthu amene wawabisira kumene akupita suwatuma okha, umapita nawo.

Taonani James Doolittle, mkulu wa asilikali a ndege wa ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa 18 Epulo 1942 anatsogolera ndege 16 za B-25 kukaponya mabomba ku Japan, zikunyamukira pa sitima yapamadzi yonyamula ndege yotchedwa Hornet. Anyamata ake anadzipereka asakudziwa kopita. Boti la Japan litawaona, ananyamuka nthawi isanakwane, akudziwa kuti mafuta achepa. Woyamba kuuluka anali Doolittle mwini, pothamangira posakwana mamita 150, pomwe ife timadandaula kuti bwalo lathu la ndege ku Mzuzu kuno n'lalifupi! Ndege yake inakagwera ku China, iye atalumpha ndi parachuti.