Phewa lasiya kupweteka, kodi ndibwerere pa njinga?

Bambo wina wa ku Bembeke wanditumizira imelo yomwe ndaona kuti ndiyankhire pano, chifukwa funso lake likukhudza anthu ambiri a kuno ku Dedza amene chakudya chawo chimachokera pa njinga yakapalasa. Mwachidule akuti: "Ndimapalasa kabaza, ndipo masiku ena ndimanyamula matumba a mbatata ya kachewere kupita nawo kumsika. Ndinagwa pamtsetse, fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa linathyoka, ndipo madokotala anandichita opaleshoni n'kuikamo chitsulo. Papita masabata 5, ululu watha, komanso ndalama pakhomo zatha. Kodi ndingayambirenso ntchito?"

Pepani ndi ngoziyo bambo, koma yankho langa ndi lakuti musayambe kaye. Ululu umatha msanga chifukwa chitsulocho chagwira zidutswa za fupa kuti zisagwedezeke, koma fupa lenilenilo likadali losakhwima. Kwa munthu wamkulu, fupa limeneli limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti lilumikizane, ndipo ntchito yolemetsa kawirikawiri imaloledwa patatha miyezi pafupifupi 3, akakujambulani n'kuona kuti mpata wa pothyokapo watsekeka. Mukalisenzetsa katundu nthawi isanakwane, chitsulocho chikhoza kupindika, kuthyoka kapena kuzuka, ndipo zikatero mumabwerera ku opaleshoni yachiwiri yomwe imavuta kuposa yoyamba. Amene angakupatseni chilolezo ndi amene anakuchitani opaleshoni, kapena achipatala oona za mafupa amene akukuonani ku kiliniki, choncho tsiku limene anakulemberani m'buku lanu la kuchipatala musaliphonye, ngakhale ndalama yoyendera ikhale yobwereka.

Anthu ambiri amati njinga imapalasidwa ndi miyendo, ndiye phewa likulowapo bwanji? Amene amanena zimenezi sanatsikepo ku Khwekhwerere kulowera ku Golomoti ali ndi katundu pakaliyala. Mukagwira mabuleki pamtsetse, thupi lonse limatsamira m'manja, ndipo mphamvuyo imadutsa m'mkono n'kukafika paphewa. Tayala likagwera m'dzenje kapena likamadumpha pamsewu wafumbi wokumbika, chiwongolero chimakantha phewa lomwelo mobwerezabwereza. Chovuta kwambiri n'chimene inu mumachita tsiku lililonse kumapiri kwathu kuno, ndicho kutsika n'kumakankha njinga yonyamula matumba a makilogalamu 50 pachitunda, mkono umodzi uli pachiwongolero wina ukugwira thumba kuti lisapendeke. Pamenepo phewa ndi limene likugwira ntchito yonse. Ndipo wokwera kabaza akasuntha mwadzidzidzi pampando, mkono wofooka sumabweza njinga msanga, ndiye mukhoza kugweranso mbali yomweyo.

Inenso ndinachitidwapo opaleshoni ya phewa, ngakhale vuto langa linali la kung'ambika kwa mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, lomwe limachedwa kuposa lanu. Mkono wanga unakhala wokoleka m'khosi masabata 6, ndimagona chokhala nditatsamira mapilo, ndipo malaya ndinaphunzira kuvala poyambira mkono wodwala, povula n'kumalizira womwewo. M'nyengo yozizira ya June ndi July phewa linkadzuka louma ngati chikuni. Atandilola kukweza mkono, a mafizo anandiuza kuti ndiziima moyang'anizana ndi khoma n'kumakwawitsa zala kupita m'mwamba, ndipo ine ndinkalemba ndi khala pamene zala zafika. Mizere ya makalayo inkakwera pang'ono kwambiri moti mayi a kunyumba ankandiseka kuti ndikuipitsa khoma pachabe, koma ndi imene inkandionetsa kuti sabata ino ndaposa yatha. Panapita miyezi yoposa 6 ndisanayende ulendo wautali pa njinga.

Mafizo musawapeputse, chifukwa phewa likakhala nthawi yaitali osayenda limauma, makamaka kwa anthu odwala matenda a shuga. Koma muchite okhawo amene akuonetsani komanso pamlingo umene akuuzani, osati kupempha mnzanu kuti akukokeni mkono kuti uwongoke. Ngati mumasuta fodya, ino ndi nthawi yomusiya, popeza amachedwetsa kulumikizana kwa mafupa. Usipa, mazira, nyemba, soya ndi mkaka zithandiza thupi kumanga.

Akadzakulolani, musadzayambe ndi wokwera kapena thumba. Yambani nokha pamalo athyathyathya monga bwalo la mpira, kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo muone mmene phewa lidzukire m'mawa mwake. Kutopa kwa minofu n'kwachibadwa, koma ululu wobaya pamene panathyoka ukutanthauza kuti mwafulumira. Musanatero, pitani ndi njingayo kwa wokonza kuti akweze chiwongolero pang'ono kuti muzikhala mowongoka, aike mabuleki atsopano, ndiponso aone matayala, chifukwa buleki yofunika kuifinya ndi mphamvu zonse si ya mkono umene ukuchira. Mukazolowera pabwalo, pitani pamsewu wosalala koma nthawi imene magalimoto achepa, popeza pa M1 galimoto yaikulu ikakudutsani pafupi mumakakamizika kuthawira kumbali mwadzidzidzi. Katundu muzionjezera pang'onopang'ono, ndipo munthu adzakhale womaliza kunyamula.

Nkhani ya ndalama sindikuinyalanyaza, chifukwa ndikudziwa kuti ana sadya malangizo. Njingayo mukhoza kuibwereketsa kwa mnyamata wokhulupirika wa pasiteji yanu kuti azikupatsani kangachepe madzulo, ndipo ndi bwino kugwirizana naye pamaso pa atsogoleri a gulu lanu la kabaza za amene adzakonze ikawonongeka. Ndalamayo idzakhala yochepa, koma masabata otsalawa ndi owerengeka poyerekeza ndi miyezi imene mungataye chitsulo chikazuka.

Dzanzi pakhungu la m'munsi mwa chipsera limachitika kwa ambiri ndipo lisakuopseni, monganso kumva chitsulocho mukakhudza pakhungu. Koma bala likafiira, likatupa, likamatuluka mafinya, thupi likatentha, mukamva kuti china chake chasuntha paphewapo, kapena zala zikayamba kufooka, musadikire tsiku la kiliniki, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mukakakumana ndi adokotala, musakangofunsa kuti "kodi ndingakwere njinga?" Mukawauze kuti mumanyamula anthu ndi matumba a mbatata, ndiponso kuti mumakankha njingayo pachitunda, kuti tsiku limene akupatseni likhale la ntchito imene mumagwiradi.