Fungo la chinyontho m'galimoto limachokera kunsi kwa kapeti

Bambo wina wanditumizira imelo iyi: "Galimoto yanga inalowa madzi mvula itagwa usiku wonse. Ndinapukuta, ndinaiimika padzuwa zitseko zili zotsegula, ndinapachikamo ndi perefyumu. Koma ikangokhala yotseka tsiku limodzi, fungo lija limabwereranso. Nditani?"

Bambo, perefyumuyo muchotseni kaye. Akasakanikirana ndi fungo la nkhungu amangopweteketsa mutu. Chimene chikununkhacho simunachikhudze n'komwe. Kunsi kwa kapeti wa galimoto kumakhala chinsalu chochindikala kapena siponji yoletsa phokoso, ndipo imeneyi imatha kumwa madzi malita angapo. Makapeti ambiri ali ndi mphira kumsana, kotero madziwo sapeza potulukira ngakhale dzuwa liombe bwanji. Pamwamba pauma gwa, kunsi kuli dambo. Pamalo onyowa chonchi nkhungu imatha kuyamba kumera pakangopita maola 24 mpaka 48.

Musanayambe kuumitsa, pezani polowera madzi, apo ayi mvula yotsatira idzakubwezerani pomwe munayambira. Tsegulani boneti muone m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pamene pakhala mawaipa. Pali timabowo totulutsa madzi timene timatsekeka ndi masamba ndi matope, ndiye madzi amadzadza n'kusefukira mkati kudzera polowera mpweya. Ngati denga lili ndi sunroof (windo lotseguka la padenga), m'makona mwake muli timapaipi topyapyala totsikira pansi, natonso timatsekeka. Onaninso mphira za m'zitseko, kumbuyo kwa magetsi akumbuyo, ndi dzenje la tayala la sipeya m'buti, limene anthu ambiri saliyang'ana mpaka litachita dzimbiri. Njira yosavuta ndi iyi: wina akhale mkati ndi tochi, inu muzithira madzi ndi paipi kuyambira pansi kukwera m'mwamba pang'onopang'ono.

Madziwonso agwireni ndi chala. Akakhala oyera, opanda fungo, ndi a mvula kapena a AC (makina oziziritsa mpweya m'galimoto) imene kapaipi kake kotayira madzi katsekeka. Koma akakhala oterera, onunkhira ngati zotsekemera, amtundu wobiriwira kapena wapinki, ndiye kuti hita ikuchucha madzi oziziritsa injini. Pamenepo pitani kwa makaniko, si za chinyontho chabe ayi.

Tsopano ntchito yeniyeni, imene ambiri amaizemba. Tulutsani timakapeti topondapo. Zulani mapulasitiki a m'mphepete mwa chitseko pansi, nyamulani kapeti wamkulu uja, mulowetse dzanja kunsi. Mukafinya siponji ija madzi akuda n'kuyenderera m'zala, mwalipeza vutolo. Yamwitsani madziwo ndi vacuum yokoka madzi, kapena yalani matawulo akale muzipondaponda. Siponji ikakhala yochotseka itulutseni mukaiyanike. Ngati yachita mawanga akuda ndipo ikunyenyeka, itayeni mugule ina, palibe sopo angaipulumutse. Kapetiyo muchirikizeni ndi kathabwa kuti akhale chotukuka, muloze fani kunsiko masiku awiri kapena atatu. Inde, masiku, osati maola.

Mukafuna kumasula mipando, samalani ndi mapulagi achikasu a kunsi kwake. Amenewo ndi a airbag, matumba a mpweya amene amafufuma pangozi kuti akutetezeni. Chotsani kaye waya wa batire, mudikire mphindi zingapo musanawakhudze.

Injini imathandizanso: yatsani hita ndi AC nthawi imodzi, mpweya uziombera kumapazi. Hita imatenthetsa, AC imachotsa chinyezi mumpweya. Koma zimenezi chitirani panja, osati m'garaja yotseka, chifukwa utsi wa galimoto uli ndi mpweya wapoizoni wa carbon monoxide umene umapha popanda kununkha.

Zikauma m'pamene mungatsuke. Sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana, muwaze pang'ono pakapeti ndi pachitsulo cha pansi, mupukute. Mankhwala a klorini oyeretsera zovala musawayandikize, amasuwitsa kapeti ndi kudya chitsulo. Viniga akauma wazani soda wophikira, agone usiku wonse, m'mawa mumukoke ndi vacuum. Ena amathira soda ndi viniga pamodzi pokopeka ndi thovu lija, koma ziwirizi zikakumana zimangophana mphamvu. Makala ouma m'sokosi yakale pansi pa mpando amatola kafungo kotsalira.

Musaiwale sefa ya mpweya wolowa mkati, imene m'magalimoto ambiri imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasinjala. Ikanyowa imanunkha nthawi iliyonse mwayatsa fani. Isintheni, musaichape.

Kuti mudziwe ngati mwathana nazo, tsekani zitseko ndi mawindo onse madzulo, mudzaone m'mamawa. Magalasi akachita nthunzi mkati, madzi akadalimo penapake, ndipo malo oyamba kukayang'ana ndi kumapazi a mpando wakumbuyo ndi dzenje la sipeya lija.