Ekizozi yophokosera pa Boxer yanu: ine ndikuti dikirani kaye

Achimwene, mwafunsa ngati ndi nzeru kuchotsa ekizozi imene inabwera ndi njinga yamoto yanu ya Boxer 150 n'kuika ina yotseguka, kenako makaniko akutchunireni kabuleta, poti wakulonjezani kuti njinga izikoka kwambiri koma izimwa petulo pang'ono. Mwanenanso kuti njingayo ndi imene mumaperekera zakudya ku Randburg ndi ku Fourways. Ine ndikuti musaike. Pa njinga yaing'ono yogwirira ntchito, chimene mungagule pamenepo ndi phokoso basi.

Tiyambe ndi lonjezo la makanikoyo. Mphamvu ya injini imachokera ku petulo amene wapsa. Injini ikamapuma momasuka imakoka mpweya wambiri, ndipo mpweya wambiriwo umafuna petulo wambiri kuti zigwirizane. Ndiye munthu akakuuzani kuti mphamvu zikwera koma petulo atsika, mufunseni kuti mphamvuzo zichokera kuti. Nthawi yokhayo imene ziwirizi zimabwera limodzi ndi pamene njinga inali yodwala kale, monga filita ya mpweya itatsekeka ndi fumbi kapena jeti (kabowo kotulutsa petulo mu kabuleta) itakula mopitirira. Zikatero chimene chakuthandizani ndi sevisi, osati ekizozi yatsopanoyo.

Muonenso kukula kwa chimene mukuthamangitsacho. Boxer 150 imatulutsa mphamvu za mahatchi pafupifupi 12. Tingoyerekeza kuti ekizozi ndi kutchuna zakuwonjezerani 5 peresenti, zomwe pa kainjini kotere n'zapatali. Kuwerengera kwake sikufika ngakhale hatchi imodzi. Bokosi la kumbuyo likadzaza ndi zakudya ndi mabotolo a zakumwa, kamphamvu kameneko kathera pomwepo. Chimene chimanamiza anthu ndi khutu. Njinga ikamabangula thupi limakhulupirira kuti ikuthamanga, ndipo dzanja nalo limayamba kupotoza fayala mwamphamvu kuti limve kulirako. Pamapeto pa sabata mudzaona kuti mwayendera kufilingi siteshoni kuposa kale.

Palinso vuto lina limene anyamata a maekizozi sanena. Paipi yotakata kwambiri imachepetsa liwiro la utsi pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo njinga imafooka ponyamuka. Kamphamvu kamene mwapezako kamakhala kumwamba kwenikweni, injini ikulira ngati ithyoka. Tsono ntchito yanu ili kuti? Ili pa maroboti a pa misewu ya Malibongwe ndi Beyers Naudé, kuima ndi kunyamuka tsiku lonse, kukwera zitunda katundu ali kumbuyo. Mukufuna njinga yokoka pansi, ndipo ekizozi ya kufakitale anaipangira zimenezo.

Nkhani ya kutchuna petulo kuno ku Joni ili ndi kake kosiyana ndi kwina, ndipo apa m'pofunika kumvetsa bwino. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wakuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 peresenti poyerekeza ndi ku Durban. Pa Boxer yanu ndiye kuti mahatchi awiri anatsala kunyanja, ndipo palibe paipi imene ingakubwezereni. N'chifukwa chakenso kuno amagulitsa petulo wa 93 pambali pa wa 95. Njinga yaing'ono ngati yanu siipindula kanthu ndi 95, pokhapokha buku lake litanena choncho.

Kabuleta sadziwa kuti muli pamtunda. Jeti ndi kabowo kongoboola, kamatulutsa petulo molingana ndi kukula kwake. Njinga yokhala ndi jeti ya kumunsi kwa nyanja ikafika kuno imalandira petulo wochulukirapo poyerekeza ndi mpweya. Ichi ndicho chifukwa chake anzathu ena amaika ekizozi yotseguka osasintha china chilichonse n'kumati, "yanga ili bwinobwino." Sakunama ayi, mtunda wa Gauteng ndi umene ukuwabisira vuto. Koma makaniko wongoyerekeza akachepetsanso jeti kuti akusangalatseni ndi nkhani yosunga petulo, pamwamba pa paipi yotsegukayo, petulo amachepa kwambiri mu injini. Injini yotero imatentha kwambiri. Yanuyo imazizira ndi mphepo yokha, ilibe madzi, ndiye taganizani masana a mu December mutapanikizika pakati pa matekisi. Zotsatira zake ndi valavu ya utsi kupsa, mwinanso pisitoni kuboola. Kukonza zimenezo ndi ndalama, kuphatikizapo masiku amene foni ikhala ikulira maoda inu muli pansi.

Mukafuna kudziwa mmene injini yanu ikudyera, simufunika makina. Yendani ulendo wabwino, zimitsani, dikirani izizire, masulani pulagi muyang'ane kunsonga kwake. Ikakhala yofiirira, zinthu zili bwino, isiyeni. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo wachuluka, ndipo yambani mwaona filita ya mpweya musanakhudze jeti. Ikakhala yoyera mbuu, petulo wachepa, ndipo apo ndiye pangozi. Ngati ndi yakuda filita ili yoyera, pamenepo kutsitsa jeti sayizi imodzi n'kwanzeru, ndipo ndiko kutchuna kokhako kumene ndingakuvomerezeni. Jeti ndi kachitsulo kotchipa. Yakaleyo muisunge, musamusiyire makaniko.

Ndikunena zosunga jeti chifukwa ambiri a ife njingazi timadzazitumiza kumudzi kuti zikagwire kabaza. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000, ku Salima ndi ku Mangochi kuli m'munsi pafupifupi mamita 500, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndiye n'kotsika zedi komanso kotentha. Mpweya kumeneko ndi wolemera kuposa wakuno. Onjezani kuti petulo wa ku Malawi amasakaniza ndi ethanol, uja amapanga ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amachititsa kuti injini ifune mafuta ochulukirapo pang'ono. Njinga imene munaichepetsera jeti ku Johannesburg, ili ndi paipi yotseguka, ikakafika ku Nchalo mng'ono wanu sachedwa kukuimbirani kuti injini yagwira.

Za lamulo nazo musazitaye. Malamulo a pamsewu a dziko lino, pansi pa National Road Traffic Act ya 1996, amafuna kuti galimoto kapena njinga yamoto ikhale ndi sayilensa yogwira ntchito bwino, yosasokosa mopitirira muyeso. A JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg, ali ndi mphamvu yokuimitsani pa chifukwa chimenechi. Ndipo tonse tikudziwa kuti mlendo akaimitsidwa nkhani siithera pa ekizozi. Ngakhale mapepala anu onse ali m'malo, mphindi zimene mwaima pamenepo chakudya cha kasitomala chikuzizira. Kumakompuleksi a ku Fourways nako, alonda a pageti ndi eni nyumba sakondwera ndi njinga yogwedeza mawindo usiku, ndipo nyenyezi zanu pa app zimachokera kwa anthu omwewo. Ngati njingayo ikadali pa waranti, kusintha ekizozi ndi kabuleta kumapatsa ogulitsa chifukwa chokanira injini ikavuta. Ngati ndi yarenti, yolipira pa sabata, ndiye musaikhudze n'komwe.

Ena m'gulu muno anena kuti phokoso limapulumutsa moyo chifukwa madalaivala amakumva. Ekizozi imaloza kumbuyo, achimwene, pamene ngozi zambiri za njinga zimachokera kutsogolo, galimoto yokhota mokudulani pa roboti kapena tekisi yoima mwadzidzidzi. Woyendetsa minibasi ya Quantum amene watseka mawindo wailesi ili pamwamba adzakumvani mutamudutsa kale. Amene amamva phokosolo maola onse ndi inuyo. Malamulo a pantchito kuno amawerenga phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8 kuti ndi loononga makutu, ndipo inu pa njinga mumakhalapo kuposa apo. Hutala yolira bwino, nyali yowala ndi jekete yonyezimira zimagwira ntchito imene anthu amaiyembekezera kwa ekizozi.

Ndalamayo ipite ku matayala abwino, chifukwa mvula ya masana ya kuno ikagwa, tala ndi mizere yopentayo zimaterera koopsa. Ipite ku mabuleki, ku tcheni ndi ma sprocket (timagudumu ta mano toyendapo tcheni), ku oyilo wosinthidwa pa nthawi yake, ndi kuyeza mpata wa mavalavu, chinthu chimene ambiri amachiiwala mpaka njinga itayamba kuvuta kuliza m'mawa wa mu June. Boxer yosamalidwa chonchi imasiya m'mbuyo inzake yophokosera imene tcheni chake chikugwedera. Ngati mukuonabe kuti ikulemera pa zitunda, pali njira yotchipa yoisinthira khalidwe: sprocket ya kutsogolo yochepa ndi dzino limodzi imaipangitsa kunyamuka mwamphamvu, koma liwiro la pamwamba limatsika ndipo injini imazungulira kwambiri pa msewu wautali. Mumapereka china kuti mupeze china, koma kusinthako mumakumva tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti maekizozi onse ndi achabe. Tsiku limene mudzagule njinga yaikulu yongosangalalira, ya 600cc kapena kuposa, yopitira ku Hartbeespoort Lamlungu m'mawa, nkhani idzasintha. Njinga zamakono zoterozo zilibe kabuleta, petulo amayezedwa ndi kompyuta imene imawerenga yokha kulemera kwa mpweya, choncho vuto la mtunda imalikonza. Pa zoterozo, kusintha chigubu cha kumapeto chokha kumakupatsani kulira kokoma ndi kupepukako makilogalamu angapo, mphamvu sizisintha kwenikweni. Kusintha paipi yonse kuyambira ku injini ndiko kumabweretsa mphamvu yoti n'kuimva, koma pokhapokha kompyutayo atailembanso, kapena ataika kabokosi ngati Power Commander ka Dynojet, ndipo njinga ayiyeze pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Pa dyno pamatuluka pepala loonetsa mphamvu ndi kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo, asanatchune ndi atatchuna. Mlingo umene petulo amapsa yense ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, ndipo mphamvu zambiri zimapezeka cha pa 13. Wotchuna amene sangakuonetseni pepala limeneli akungoyerekeza ndi khutu. Ngakhale pamenepo, kusiyanako mudzakuona bwino pa bwalo la mpikisano ngati Zwartkops kapena Kyalami, osati pa msewu wa N1 pomwe malire a liwiro ndi makilomita 120 pa ola.

Muchenjerenso ndi zomata dzina. Akrapovič yeniyeni imapangidwa ku Slovenia, Yoshimura ndi ya ku Japan, ndipo mitengo yake ndi yowawa moti paipi yonse ya njinga yaikulu ingathe kulingana ndi mtengo wa Boxer yanuyo kapena kuuposa. Zotchipa zija zokhala ndi maina omwewa, zimene zimagulitsidwa pa Facebook, n'zongoyerekeza, chitsulo chake n'chopyapyala ndipo ubweya wa m'kati umapsa msanga, kenako phokoso limasanduka la chitini.

Mukaumirirabe kuika, poti njinga ndi yanu, musachotse kachitsulo kochepetsa phokoso kamene kamakhala kukamwa kwa paipiyo, muyang'ane pulagi patatha tsiku limodzi logwira ntchito, ndipo ekizozi yakaleyo muisunge pouma pamodzi ndi mabawuti ake. Mudzaifuna tsiku logulitsa njinga, chifukwa kusintha umwini kuno kumafuna roadworthy, pepala lotsimikiza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo wogula wochenjera akaona paipi yachilendo pa Boxer amayamba ndi kutsitsa mtengo.