Funsani a mmisiri: kumanga kasitolo kuseri kwa nyumba

FUNSO: A mmisiri, ine ndimakhala ku Machinjiri, nyumba ndi yangayanga koma ndi yaing'ono ndiye katundu wachuluka, makasu, wilibala, njinga ya mwana, matumba a chimanga omwe timakatenga kumudzi ku Chiradzulu, zonsezi zili pabalaza moti alendo akabwera timasowa powakhazika. Ndikufuna ndimange kasitolo kuseri, ndekha, Loweruka lililonse pang'onopang'ono poti ndalama yolipira bilida ndilibe. Mnzanga wakuntchito akuti kanthu kakang'ono chonchi sikafuna fawundeshoni, kungosalaza pansi nkuyamba kuyala njerwa basi. Ndi zoona zimenezi? Nanga ndiyambire pati? Bambo wa ku Machinjiri.

YANKHO: Achimwene, kumanga nokha mungathe ndithu, koma za mnzanuyo ayi musamvere. Madzi sayang'ana kuti khomali ndi la sitolo kapena la nyumba yogona. Ife a mu Blantyre muno tinaona zimene zinachitika mu March 2023 ndi namondwe Freddy, ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche kunali zoopsa zomwe ngakhale nyumba yolimba sikanapirira, koma m'makomboni ambiri kutali ndi phiri makoma ndi mipanda zinagwa chifukwa choti madzi anakhala pansi pa khoma masiku angapo, dothi nkufewa, khoma nkukhala pansi. Ndiye ndalama yochepa muli nayoyo ikani kwambiri pansi ndi padenga, pakatipo mutha kuchepetsa.

Musanagwire khasu, yang'anani kaye pabwalo panu mvula ikamagwa, kapena funsani amayi akunyumba poti iwo ndi amene amadziwa komwe madzi amadutsa ndi pomwe amadikha. Mapuloti ambiri kuno ndi otsetsereka, ndiye sankhani pokwererapo, ndipo kumtunda kwake mudzakumbe kangalande kokhotetsa madzi. Musamange pamwamba pa sepitiki kapena sokawe, musamange pomwe padutsa paipi ya madzi, komanso osati pansi pa mawaya a ESCOM.

Kukula kwake, mamita 3 mulitali ndi mamita 2 mulifupi kukukwanirani pa katundu mwatchulayo. Khomani zikhomo zinayi mumange chingwe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amangoyeza ndi maso kenako pofolera malata akukana. Kuti kona ikhale ya sikweya, kuchokera pachikhomo yezani masentimita 90 mbali ina, 120 mbali inayo, ndiye pakati pa mfundo ziwirizo pakhale 150 ndendende. Mukatero yezani modutsa kuchoka kona iyi kufika kona yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri zifanane. Zikasiyana sunthani zikhomo, musaumire mphindi khumi zimenezi.

Fawundeshoni kumbani mpaka mudutse dothi lakuda la pamwamba mufike polimba, nthawi zambiri ndi masentimita 45 mpaka 60, mulifupi 45. Ngati pamalopo panali dzala kapena dothi lochita kuthira, pitirizani kukumba kapena sinthani malo. Pansi pake thirani konkire wokhuthala masentimita 15. Kasakanizidwe kake, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ndi theka ya mchenga wakumtsinje, mawilibala 3 a kwale. Matope omangira ndi thumba limodzi ku mawilibala 3 a mchenga. Ndikudziwa simenti yakwera mtengo ndipo mtima umafuna kuika mawilibala 5 kapena 6, koma matope otero mumatha kuwakanda ndi chala akauma, nde phindu lake lili pati. Mchenganso usakhale wa dothi, tapani pang'ono mufinye m'manja muli wonyowa, ukakusiyirani matope m'manja umenewo ayi.

Tiwerengere mabuloko. Buloko wamba ndi masentimita 40 mulitali, 20 msinkhu. Kuzungulira sitolo yanu ndi mamita 10, ndiye mzere umodzi ukudya mabuloko 25. Mizere 3 ya fawundeshoni, 11 ya khoma, kuchotsapo pachitseko, kuwonjezera okwezera kutsogolo, mufika cha m'ma 350, gulani 370 poti ena amasweka pamlori. Pogula tengani limodzi muligwetse kuchokera m'chiuno, likangoti phwa kukhala mchenga pitani pena. Njerwa zootcha nazo zimagwira ntchito ngati zapsa bwino, zogogoda nkumveka kulira, koma ineyo ndimakonda mabuloko kwa munthu wophunzira chifukwa ndi ochepa kuyala ndipo khoma limakwera msanga, komanso mukayang'ana mmene phiri la Ndirande linayerera mitengo mtima umawawa kuwonjezera uvuni wina.

Fawundeshoni ituluke pamwamba pa dothi ndi buloko limodzi lathunthu. Mkatimo thirani zibuma ndi miyala, tsirani madzi, sinjani mpaka pagwirane, yalani pulasitiki wakuda uja kenako konkire wa pansi wa masentimita 10. Ameneyu akhale wamphamvuko, thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, ziwiri za kwale, matumba 4 akukwanani. Pulasitikiyo musaiwale chonde, ndipo wina muyale pamwamba pa fawundeshoni musanayambe khoma, ndi amene amatchinga chinyezi chokwera kuchokera pansi chija chimene chimadetsa makoma m'munsi nkumayoyola pulasitala. Konkire muzimuthirira madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7, mutha kuphimba ndi masaka onyowa. Ana akhoza kuthandiza pamenepa.

Khoma yambani ndi makona, levulo yoonera ngati khoma laongoka ili m'manja, chingwe kuchoka kona kufika kona mzere uliwonse. Levulo bwerekani kapena gulani, imeneyi ndiye musayerekeze kugwira ntchito popanda. Pakatha mizere 3 iliyonse yalani waya wolimbitsa khoma wotchedwa bulikifosi. Tsiku limodzi musapitirire mizere 5 kapena 6, matope apansi amafuna agwire kaye. Pamwamba pa chitseko pafunika lintala ya konkire yokhala ndi zitsulo, apa pokha ngati simunaonepo mmene amachitira itanani bilida wa m'dera lanu tsiku limodzi, mumulipire la tsikulo, inu nkumaonera.

Denga likhale lotsetsereka mbali imodzi, khoma lakutsogolo likwere ndi mizere iwiri kuposa lakumbuyo. Tsopano mvetsetsani apa. Mvula yoyamba ya mu November imabwera ndi chimphepo ndipo chaka chilichonse timamva za madenga osasuka, chimene chimachitika nchoti matabwa anangokhazikidwa pamwamba pa khoma opanda chowagwira. Mukatsala ndi mizere 3 kuti mumalize, lowetsani waya wokhuthala m'khoma, pakona iliyonse ndi pakati, mumange naye pamodzi mpaka pamwamba, ndiye mudzakulunge thabwa ndi wayayo nkukhomerera. Kusanjika miyala ndi matayala padenga si kumanga. Malata a mafiti 10 akwana ndi kotsala kotchinga khoma ku mvula. Geji 28 ndi yokhuthala kuposa 32, nambala ikamakwera lata likupyapyala, ambiri amaganiza mosemphanitsa. Msomali ukhomedwe pamwamba pa msana wa lata osati mu ngalande modutsa madzi. Ntchito yonseyi yambani mvula itatha, cha mu May kupita kutsogolo, kuti pofika October mwafolera.

FUNSO: Ine ndili pa lendi ku Zingwangwa, ndimagulitsa makala ndi mafuta ophikira ndiye ndikufuna kashedi kosungira katundu. Alandilodi avomera pakamwa. Ndimange ka njerwa? Mayi wa ku Zingwangwa.

YANKHO: Amayi, ka njerwa ayi. Chomangidwa ndi simenti pa puloti ya eni chimatsala pomwepo tsiku losamuka, ndipo zovomerezana pakamwa zimaiwalika msanga lendi ikakwera. Lembani kapepala, musainirane pali mboni, kanene kuti shediyo ndi yanu ndipo mudzaiphwasula pochoka. Mangani ya mapolo a bulugamu ndi malata, mbali zonse malata, ndipo mmalo mwa misomali gwiritsani ntchito masikuluwu kuti pomasula malata asabooke paliponse. Mdani wanu ndi chiswe. Mapolo achotseni makungwa, aume, kumunsi kolowa pansi muwapake mankhwala oteteza matabwa a Solignum, ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto ndipo amathandizako ngakhale safika pa mankhwala enieni. Dzenje la polo lililonse likhale masentimita 50, muthire kakonkire kotuluka pamwamba pa dothi pang'ono kuti madzi asadikhe patsinde. Matabwa a paini chiswe chimawakonda kwambiri, asakhudze dothi olo pang'ono. Chinanso, makala ofika kumene kuchokera ku uvuni nthawi zina amakhala ndi moto mkati, asiyeni panja tsiku limodzi musanalowetse, ndipo asagundane ndi zigubu za mafuta. Shedi ya malata ndi yosavuta kuthyola, ndiye mahinjesi amangeni ndi mabawuti otulukira mkati, loko yabwino pa chitseko chomasuka ndi sikuludilaiva ndi kutaya ndalama.

FUNSO: Sitolo ndinamanga chaka chatha ku Bangwe koma chimanga chinachita nkhungu, matumba apansi anawola. Denga silidontha. Chalakwika nchiyani? Wowerenga wa ku Bangwe.

YANKHO: Pepani kwambiri, kutaya chimanga mmene chikuvutiramu ndi zowawa. Ndikuganizira zinthu zitatu ndipo mwina zonse zilipo. Matumba munawagoneka pa simenti penipeni, simenti imatulutsa chinyezi makamaka ngati pansi simunayale pulasitiki. Pangani kathandala ka matabwa kokwera masentimita 15, kapena pezani mapaleti akale, ndipo matumba atalikire khoma mpata wolowa dzanja. Kachiwiri mpweya. Sitolo yotsekeka ponseponse, nthawi ya chiperoni mu June ndi July malata amachita thukuta kunsi kwake usiku nkumadonthezera pa katundu, inu nkumati denga silidontha. Boolani khoma m'mwamba mbali ziwiri zoyang'anizana muike njerwa za mpweya, kumbuyo kwake sefa wa waya kuti makoswe asalowe. Kachitatu mwina chimangacho chinalowa chisanaumitsitse. Lumani njere, youma bwino imathetheka pa dzino. Kapena ikani njere zingapo mu botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, khutchumulani, mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chikufunika dzuwa linanso. Matumba osalowa mpweya a PICS amathandiza pa anankafumbwe popanda mankhwala, koma nawonso amafuna chimanga chouma ndipo khoswe akaboola ntchito yake yathera pomwepo, choncho kampata ka pansi pa chitseko katsekeni ndi kachidutswa ka lata.

FUNSO: Kodi kasitolo ka kuseri kamafunikanso chilolezo cha khonsolo? Neba wanga akuti akandinenera. Mnyamata wa ku Chirimba.

YANKHO: Zomangamanga mu mzinda uno zimayang'aniridwa ndi Blantyre City Council, ndiye chomangidwa ndi njerwa kapena mabuloko, pitani ku Civic Centre ku Chichiri ndi mapepala a puloti yanu ndi kachithunzi kojambula pamanja kosonyeza pomwe mukufuna kumanga, akuuzani choyenera malinga ndi dera lanu. Amene ali m'nyumba za Malawi Housing Corporation ayambe apempha kumeneko. Koma achimwene, neba sangolusa chabe, kayang'aneni komwe denga lanu likukathira madzi. Ngati akugwera mu puloti yake kapena pa mpanda wake ali ndi chifukwa chodandaulira. Tembenuzani denga lithire kwanu, kapena ikani gatala ndi mgolo pansi pake, madziwo muchapira. Siyaninso mpata wa mita imodzi pakati pa sitolo ndi mpanda, woti munthu nkudutsa ndi tsache kapena makwerero, ndipo musanakumbe muitaneni nebayo adzaone pomwe mwakhoma zikhomo.