Clay yatha, penti yasalala koma ili mbuu: musathamangire wax

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati galimoto yanu yakuda mwaitsuka, mwaidutsitsa clay bar (kadongo kofewa koyeretsera penti) thupi lonse, ndipo mukaisisita ndi dzanja ikusalala see, koma mukaitulutsa padzuwa ikuoneka mbuu ngati yakutidwa ndi kachifunga. Ndiye mukufunsa ngati mupake wax kapena mugule compound, mankhwala aukali opalira penti. Ena omwe akuyankhani kale akuti pakani wax basi, ena akuti clay yakuphererani penti. Ine sindikugwirizana nawo onsewo. Penti yanu mwina ili bwinobwino, kungoti ntchito mwailekeza pakati.

Clay si yowalitsira galimoto. Ntchito yake ndi kuzula zomwe zakanirira pamwamba pa penti moti sopo walephera: tizitsulo ta fumbi la mabuleki, madontho a phula la mumsewu, utomoni wa mitengo, ndi penti youluka ngati munaimika pafupi ndi pomwe wina amapopera. Ikamazula zimenezo imakokoloranso wax yakale, ndipo wax imeneyo ndi yomwe inkakubisirani timizere ta zaka zonsezi. Komanso clay payokha imasiya timizere take, tating'ono kwambiri moti kamodzi simungakaone. Penti imanyezimira pomwe pamwamba pake pali posalala mokwanira kuti kuwala kukagunda kubwerere mbali imodzi. Timizere tikachuluka timakumwaza uku ndi uku, ndiye maso amaona chifunga. Pa galimoto yoyera kapena yasiliva anthu ambiri sazindikira n'komwe, koma yakuda siibisa kanthu. Zimanyanya ngati clay inali yaukali, ngati madzi oterera aja, otchedwa lubricant, munkapopera ochepa, ngati munkakanikiza kwambiri, kapena ngati simunkaipinda pafupipafupi kuti mbali yoyera ibwere pamwamba. Ndipo ngati inagwapo pansi n'kuitola n'kupitiriza, apo ndiye mchenga unayenda pa penti. Clay ikagwa pansi imatayidwa, palibe zotsuka.

Musanagule chilichonse, onani kaye chomwe chavuta. Tsukaninso galimoto, muiumitse, muiike pamthunzi penti izizire. Sakanizani isopropyl alcohol ndi madzi, gawo limodzi ku magawo anayi a madzi, mupopere pang'ono pa nsalu ya microfibre yoyera, mupukute kamalo kamodzi pa boneti. Kenaka tengani tochi, ngakhale ya foni, muunike pamenepo mutapendeka mutu pang'ono. Ngati chifunga chachoka, zinali zotsalira za lubricant ndi clay zomwe zinaumira pamenepo, ndipo mwapulumuka. Ngati mukuona timizere tolunjika kumene dzanja lanu linkapita ndi kubwerera, imeneyo ndi clay. Tomwe tikuoneka ngati tikuzungulira kuwala kwa tochi nthawi zambiri ndi takale, tobwera ndi katsukidwe. Zonse ziwirizi polishi amachotsa. Chomwe polishi sangathe ndi pomwe denga kapena boneti pali zigamba zotuwa, zokhakhala, m'mbali mwake mukusupuka. Pamenepo clear coat, msinkhu wapamwamba wa penti, yafa ndi dzuwa, ndipo mankhwala ake ndi kupoperanso penti basi. Mzere wozama muuyese ndi chikhadabo: chikakodwa, wapitirira pomwe polishi angafike bwinobwino, mungoufewetsa maonekedwe koma osaumaliza.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa anthu ambiri amawonongera pano. Penti ya galimoto zamakono ili ndi misinkhu: primer, penti ya maziko, pansi, mtundu pakati, ndi clear coat pamwamba, yomwe ilibe mtundu koma ndiyo imanyezimira ndi kuteteza mtunduwo ku dzuwa. Clear coat yochokera ku fakitale imakhala pafupifupi ma micron 40 mpaka 50 basi, pomwe tsitsi limodzi la munthu ndi cha m'ma 70. Kupolisha sikuwonjezera kanthu pa penti. Kumapala clear coat yozungulira mzere mpaka ifanane ndi pansi pa mzerewo, ndipo zomwe mwapala sizimeranso. N'chifukwa chake sindikufuna muyambire compound. Compound ndi yaukali, ndi ya mizere yozama ndi penti yozilala kwambiri, ndipo pa yakuda imakonda kusiya chifunga chakechake chomwe chimafunanso polishi pambuyo pake. Timizere ta clay n'tapamwamba kwambiri. Polishi wofewa, uja amalemba kuti finishing polish, nthawi zambiri amakwana.

Nanga wax bwanji? Wax ili ngati mafuta odzola pachipsera: khungu liwala lero, koma chipsera chili pompo. Imadzaza timizere kwa kanthawi, mutsuka kangapo chifunga n'kubwerera. Glaze, mankhwala ena opaka owalitsira penti, nayonso n'chimodzimodzi, imabisa. Sindikunena kuti n'zoipa. Ngati galimoto ndi yakale, yapolishidwa kambirimbiri ndipo mukukayika kuti clear coat yatsala yochepa, kubisa kuli bwino kusiyana ndi kupala. Koma mudziwe kuti mukubisa.

Tsopano kachitidwe kake. Musayambe ndi galimoto yonse. Sankhani kamalo ka masentimita 40 kapena 50 mbali zonse, pa boneti kapena pa chitseko, mumate tepi ya pepala ija ya opaka penti m'mbali imodzi kuti pambuyo pake muyerekeze popolisha ndi posapolisha. Ngati muli ndi makina opolishira, akhale a dual action, aja amazungulira kwinaku akugwedera. A rotary, ongozungulira basi, amagwira ntchito msanga koma amatenthetsa penti, ndipo m'manja mwa munthu wosazolowera amaboola clear coat m'kanthawi kochepa. Ikani pad yofewa ya chinkhupule, mudonthezepo polishi madontho atatu kapena anayi, lililonse losaposa chikhadabo cha kachala kakang'ono. Gunditsani pad apa ndi apo pamalopo makina asanayake, muyatse pa liwiro lotsika kuti polishi afalikire, kenaka mukweze, pa makina omwe amalekezera pa 6 muike cha pa 4 kapena 5. Pad igone yonse pa penti, osaipendeketsa. Dzanja liyende pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi. Ambiri amathamangitsa makina ngati akupukuta fumbi, kenaka n'kumati polishi ndi wabodza. Pitani chopingasa, mzere uliwonse ukwere theka la unzake, kenaka chotsika ndi chokwera, maulendo atatu kapena anayi. Mudzaona polishi yemwe anali woyera ngati mkaka akusanduka kamafuta koonekera. Zimitsani makina pad idakali pa penti, apo ayi adzakuwazirani polishi pagalasi ndi malaya omwe. Pukutani ndi microfibre yoyera, osakanikiza.

Musasangalale msanga. Polishi ali ndi mafuta omwe amatha kudzaza timizere n'kukunamizani kuti tachoka. Pukutaninso ndi alcohol wosakaniza uja, matulani tepi, muunike ndi tochi pamalire pomwe panali tepi. Mbali imodzi ikhale yakuda bii, babu la tochi likuonekamo bwinobwino, inayo idakali mbuu. Mukaona choncho, ndiye njira mwaipeza, chitani zomwezo galimoto yonse, kamalo kamodzikamodzi. Ngati kusintha kuli kochepa, bwerezani kamodzi. Zikakanikabe, sinthani pad muike yolimbirako polishi ali yemweyo, ndipo compound ibwere pamapeto penipeni, pa malo okhawo omwe akukana.

Makina mulibe? Ndi manja zimatheka, makamaka poti timizere ta clay si tozama. Tengani kachinkhupule kopakira polishi, muchepetse malo afike masentimita 30, mukanikize pang'ono ndi chikhatho kapena zala zonse pamodzi, osati nsonga za zala chifukwa zimasiya mabala pomwe zinadinda. Mapewa adzawawa, ndipo ndi bwino kugawa ntchitoyo masiku angapo kusiyana ndi kumaliza mbali yomaliza mwaulesi. Pa manja ndimakonda polishi uja wa zonse pamodzi, wopolisha pang'ono n'kusiya chitetezo. Sapambana kuchita ziwirizo padera, koma kwa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku amakwana.

Pali tina tomwe anthu amaiwala. M'mphepete mwa zitseko, m'makona ndi pa mizere yotumphuka ya bodi penti imakhala yopyapyala kuposa pena paliponse, ndiye musamaimitsepo makina. Bampa ya pulasitiki sitaya kutentha msanga ngati chitsulo, muchepetse liwiro mukafikapo. Mapulasitiki akuda ndi malabala muwamate tepi, chifukwa polishi akalowa m'timaenje take amatuwa ndipo kuchotsa kwake n'kovuta. Pad muziitsuka ndi kabulashi kapena kuipukuta ndi nsalu mukamaliza kamalo kalikonse, ndipo mukhale nazo zingapo zosinthira. Pad yodzaza ndi polishi wouma imayamba kukala m'malo mowalitsa. Ngati mwaona pad yada ndi mtundu wa galimoto, imani kaye. Pa galimoto zina zakale penti ilibe clear coat, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka. Koma ngati mtunduwo ukutuluka pamalo amodzi okha pomwe kwina konse pad imatuluka yoyera, mwaboola, musapitirize. Ndipo kwa ena omwe akuwerenga: penti ya matte, ija yosanyezimira mwadala, siipolishidwa ngakhale pang'ono.

Mukamaliza, penti ili pamtunda, ilibe chilichonse choiteteza, ndiye musaisiye choncho mpaka sabata yamawa. Apa tsopano ndi pomwe wax ikulowa. Ya carnauba, yochokera ku masamba a mtundu wina wa kanjedza wa ku Brazil, imapatsa yakuda kuwala kozama kokongola, koma imatha msanga, mwezi umodzi mpaka itatu malingana ndi dzuwa ndi katsukidwe. Sealant, yomwe imateteza ngati wax koma ndi yopangidwa ndi mankhwala, imapirira cha m'ma miyezi inayi mpaka sikisi. Ceramic coating, yomwe imauma n'kukhala kachikopa kolimba pamwamba pa penti, imatha kukhala zaka, koma imatsekera chilichonse chomwe chili pansi pake, ndiye ngati chifunga chatsala mukhala nacho nthawi yonseyo. Kwa munthu amene akuyamba, ine ndinganene sealant. Pakani mopyapyala kwambiri moti muzichita kuyang'anitsitsa kuti muone pomwe mwadutsa. Kupaka mochindikala sikuwonjezera chitetezo, kumangovutitsa popukuta. Ngati pali chitseko kapena bampa yomwe yapoperedwa posachedwa, funsani amene anapopera, chifukwa penti yatsopano imafuna kupuma mwezi kapena kuposerapo musanaitsekere.

Katsukidwe kakapanda kusintha, timizere tibwerera miyezi iwiri isanathe. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina ya madzi otsukuluzira nsalu musanaibwezere mu sopo. Yambani kumwamba, mbali zam'munsi pamapeto, ndipo matayala akhale ndi nsalu yawoyawo. Sopo wa mbale ndi wochapira zovala amafooketsa wax, asiyeni. Fumbi musamalipukute pouma, ngakhale mukuchedwa.

Clay siyofunika mwezi ndi mwezi. Mukatsuka, valani kajumbo kopyapyala kudzanja musisite penti. Mukamva timchenga ndiye nthawi yakwana, ndipo kwa galimoto zambiri ndi kamodzi kapena kawiri pachaka. Ulendo wina muyambe ndi iron remover, mankhwala aja amasanduka apepo akakumana ndi tizitsulo, ndi ochotsera phula, kuti clay ipeze ntchito yochepa. Mugule yofewa, mupopere lubricant mosaumira, ndipo mukonzeretu kuti tsiku la clay ndi tsiku la polishi.